Makina Otsuka Mbale Amene Ankathimitsa Nyumba Yonse

Makina otsuka mbale anafika kwathu ku Ulongwe pagalimoto ya mbatata. Galimotoyo inali itapita ku Tete ndi matumba a kachewere, ndipo pobwerera inalibe katundu wina koma chibokosi choyera chimodzi, chokutidwa ndi bulangeti lakale ndi kumangidwa ndi zingwe. Anatumiza ndi mwana wathu wamkazi, amene ndi namwino kumeneko. Anawagula kwa banja lina la alendo limene linkabwerera kwawo, ndipo sanandifunse. Anangoimba foni galimoto ili kale m'njira, nkunena kuti, "Amayi, manja anu aja ndinawaona. Madzi ozizira muwasiye tsopano."

Sananame. Ndinali nditapuma ntchito ya uphunzitsi, ndipo nyamakazi inali itandipinda zala. Kuno kwathu mwezi wa Junyu madzi a m'thanki amaluma. Ukatsuka mbale m'mawa, zala zimauma mpaka dzuwa litakwera. Komabe masiku oyamba ndinkachita manyazi. Amayi anzanga a kumphakati ankabwera kudzaona, nkumasuzumira m'kati mwake ngati muli munthu wobisala. Wina anafunsa ngati amatsukanso miphika yakuda ya pamoto. Ndinati ayi, imeneyo ndimakwecha ndekha, ndipo onse anaoneka kuti mitima yakhala pansi.

Makinawo anagwira ntchito bwinobwino dzinja lonse mpaka kukolola. Kenaka tsiku lina m'mawa, ndikusesa pakhonde, ndinamva kuti thapu! Wailesi ya abambo akunyumba inaduka pakati pa mawu, jelera yoziziritsira zakudya nayo inasiya kulira. Tinayesa kuti magetsi athima tauni yonse, monga amachitira, koma kwa aneba athu wailesi inkaimbabe. Abambo anapita pa kwaduru, kabokosi ka pakhoma pamene pali timaswitchi ta nyumba yonse, napeza kamodzi katagwa. Kanali kaja kotambalala kuposa tinzake, kokhala ndi kabatani kakang'ono pambali. Anakakweza, magetsi nkubwera. Tinaiwala.

Mawa lake zinachitikanso. Mkuja chimodzimodzi. Pofika kumapeto kwa mlungu tinali titadziwa kuti nkhani ili pa makina otsuka mbale, chifukwa tsiku limene sindinawayatse nyumba inakhala bata.

Loweruka kunabwera mlamu wanga, mng'ono wawo wa abambo, amene ali ndi chigayo ku Domwe. Ndi munthu wodziwa kukonza zinthu ndi manja, ndipo akalankhula salola kuti wina amalize. Anayang'ana pa kwaduru kamodzi kokha.

"Achimwene, vuto si makina. Ndi dijuntori iyi, yatopa," anatero, akuloza kaswitchi kaja. "Izi zimagwa ndi mphepo yomwe. Kuchigayo kwanga inkandivuta chonchi, ndinangoilambalala ndi kanthambo, mpaka lero zii. Ndipatseni pulayala, mphindi zisanu."

Abambo anali atayamba kale kufunafuna pulayala m'kabati. Ine ndinakana. Ndisaname kuti ndinkadziwa kanthu. Ndinangokumbukira kuti pamene tinkalowetsa magetsi m'nyumbayi mwana wathu anaumirira kuti aike kaswitchi kameneka, ndipo ndinkaopa kuti akadzabwera nkupeza takachotsa adzandikalipira.

"Alamu, inu magetsi mwawaphunzira liti?" anandifunsa mlamu wanga akuseka.

"Sindinawaphunzire. Koma musakhudze."

Anachoka atakhumudwa pang'ono, ndipo abambo sanandilankhule bwino mpaka madzulo.

Lamulungu titatuluka ku misa, mayi wina wa m'kwaya anandiuza za munthu wokonza majelera kuseri kwa msika. Lolemba ndinapita. Ndinkayembekeza kupeza bambo, koma m'kanyumba ka malata kodzaza ndi majelera akufa ndinapeza mayi wamfupi, wa zaka ngati makumi atatu ndi zisanu, atavala ovololo ya buluu, chitenje atamanga pamwamba pake. Atandiona anaika pansi chimene anagwira, napukuta manja, nagwada pang'ono.

"A po... a po... a porofesora," anatero, monga amatiitanira aphunzitsi kuno kwathu.

Chibwibwi chimenecho ndi chimene chinandikumbutsa. Anali mwana wa m'kalasi langa lachitatu, zaka zimene ndinkaphunzitsa ku Lifidzi. Ankakhala kumbuyo, pafupi ndi zenera losweka, ndipo ukamufunsa funso ankangotsegula pakamwa, mawu osatuluka, anzake nkuyamba kuseka. Ndinamubwereza kalasi. Ndinali nditamuiwaliratu. Anandiuza mwachidule kuti atamaliza shikola anapita ku Tete kukaphunzira za magetsi, anagwirako ntchito zaka zingapo, kenaka anabwerera kudzakhala pafupi ndi amayi ake.

"Iwe, makina otsuka mbale unayamba wawaonapo?" ndinamufunsa.

"Ochepa. Ko... koma ndibwera mawa m'mawa. Musawayatse."

Anafika pa njinga yamoto dzuwa litangotuluka, nkhungu isanachoke m'dambo la kumunsi kwathu. Anali ndi chikwama chachikopa, koma anangochiika pakhomo la kozinya, chipinda chophikira, osachitsegula. Makinawo sanawakhudze. Anakhala pa kampando nayamba kundifunsa, ndipo apa ndinazindikira chinthu choyamba chodabwitsa: akamalankhula za ntchito yake, chibwibwi chija chinkasowa. Mawu ankatuluka osalala, mmodzimmodzi, ngati akuwerenga.

"Dijuntori imagwa ndi iti, yaikulu ija kapena yaing'ono ya kukozinya kuno?"

"Yaikulu, ya kabatani."

"Nthawi zonse yomweyo?"

"Yomweyo."

"Imagwa mukangolowetsa fisha ya nthambo yake pa tomada ya pakhoma, kapena mukadina kuti makina ayambe?"

"Ayi. Amayamba bwinobwino."

"Madzi amalowa?"

"Amalowa, ndimawamva."

"Ndiye imagwa patapita nthawi yaitali bwanji?"

Apa ndinakakamira. Ndinati sindiyang'ana wotchi. Iye sanafulumire. Anafunsa kuti ndikayatsa ndimachita chiyani. Ndinati ndimatenga tsache. Anafunsa kuti ndimayambira pati kusesa. Ndinati pabalaza, kenaka pakhonde. Nanga magetsi amathima ndili pati? Ndinaganiza, ndipo ndinadabwa ndekha ndi yankho langa: masiku onse anathima ndili pakhonde, pafupi ndi masitepe, ndikumalizitsa.

"Masiku onse pamalo amodzi," anatero, akugwedeza mutu. "Ndiye kuti si mphepo. Chinthu chimene chikulakwa chili ndi nthawi yake."

Abambo anali ataima pakhomo, manja kumbuyo. Anati mng'ono wawo wanena kuti dijuntori yatopa. Mayiyo sanatsutse. Anapita pa kwaduru nadina kabatani kaja. Thapu! Nyumba yonse zii. Anakweza, magetsi nkubwera. Anatulutsa kachipangizo m'chikwama, nakalowetsa pa tomada ya pabalaza, nayeza kawiri katatu.

"Abambo, iyi ili moyo," anatero. "Ikugwa pamene iyenera kugwa."

Kenaka anatipempha kuti tizule chilichonse m'nyumba: jelera, wailesi, televizhoni, chowiritsira madzi, ngakhale zotchajira mafoni. Anati ngati tisiya zambiri zili pamoto sitidziwa wolakwa. Atatsala makina okhawo, anawayatsa, nakhala pansi pa simenti yozizira, khutu ataligunditsa pachitseko chake. Anandikodola kuti ndiyandikire. Ndinagwada movutikira, nanenso nkuika khutu.

"Awa ndi madzi akale akutuluka," ananong'ona. Ndinamva kulira kwapansipansi. Kunasiya. "Tsopano akumwa atsopano." Ndinamva madzi akuthira. Patapita kanthawi kunayamba phokoso lija ndinkalidziwa, la madzi omenya mbale. "Iyi ndi bomba, ikupopa madzi. Ilibe mlandu, onani ikuyenda ndipo magetsi alipo. Dikirani."

Tinadikira. Maondo anayamba kundiwawa. Ndinafuna kudzuka, iye nkukweza chala. Ndiye m'kati mwa phokoso lonse lija ndinamva kanthu kakang'ono kwambiri, kuti tiki, ngati munthu wathyola kamtengo ka machesi.

"Mwamva?"

Ndisanayankhe, ku kwaduru kunamveka thapu, makina nkuima.

Miyezi yonseyi makinawa anali m'nyumba mwanga, ndimawadyetsa mbale tsiku ndi tsiku, koma sindinadziwe kuti amalankhula zinthu zotsatana chonchi, ndipo kuti munthu angakhale pansi nkuzimva.

"Ka tiki kaja ndi kaswitchi ka m'kati," anatero akudzuka. "Kamatsegulira moto ku chitsulo chotenthetsa madzi. Ife timati rezisitensiya. Moto ukangofika kumeneko, pakapita kamphindi, dijuntori ikugwa. Ndikuganiza kuti ndi chimenecho. Koma kuganiza sikukwanira."

Anazula fisha pa tomada, naiika poonekera pamwamba pa tebulo, natseka mpopi. Iye ndi abambo anakoka makinawo nkuwapendeketsa pa matumba awiri a chimanga. Anamasula chitsulo cha pansi. Ndinali ndisanaonepo mimba ya chinthu chimenechi: nthambo zofiira, zabuluu, zakuda, mipaipi yopindika, zonse zopanikizana. Anayamba ndi kupisa dzanja pansi penipeni kufuna madzi odontha. Munali mouma. Anapeza zitosi za makoswe pakona, ndipo abambo anati basi, wapezeka wolakwa. Iye anatsata nthambo iliyonse ndi zala, kuyambira kumene yachokera mpaka kumene yathera, naunika ndi tochi.

"Makoswe anagonamo, koma sanadye kanthu," anatero.

Anatulutsa kamakina koyezera, nagunditsa nsonga zake ziwiri, ina pa chitsulo chotenthetsa chija, ina pa thupi la makina. Sikanaonetse kanthu. Ndinaona abambo akumwetulira. Iye sanatekeseke. Anati kameneka kamafunsa monong'ona, ndipo chitsulocho chikazizira chimabisa. Anatulutsa kena kokulirapo, natiuza kuti tiime patali, nadina. Manambala anasintha. Anayezanso pa bomba, pa nthambo yolowera, pa zina ziwiri zimene sindikuzidziwa maina. Zonsezo zinali bwino. Anabwerera pa chitsulo chija, manambala nkusinthanso.

Ine ndinayesa kuti zatha. Koma anachotsa nthambo ziwiri zopita ku chitsulocho, nazikulunga ndi tepi iliyonse payokha, naimiritsanso makina.

"Tiwayendetse opanda chotenthetsa. Akamaliza ulendo wonse magetsi osathima, ndiye kuti tapeza. Akathima, ndiye kuti ndalakwitsa, tiyambirenso."

Ulendo wonse wa makinawo ndi wautali. Abambo anatopa napita kudimba. Ine ndinapanga tiyi, tinakhala awiri m'kozinya. Ka tiki kaja kanalira, koma makina anapitirira. Tinkangomvetsera madzi.

Ndinamufunsa kuti dijuntoriyo imadziwa bwanji. Ili kutali, pakhoma la pabalaza, makina ali kuno. Imaona chiyani?

Anaganiza pang'ono. "A porofesora, ana akatuluka pa intervalu, nthawi yopuma ija, pobwera munkatani?"

"Ndinkawawerenga pakhomo."

"Akatuluka makumi anayi, nkubwera makumi atatu ndi asanu ndi anayi?"

"Sindinkayamba phunziro. Mmodzi ali kwina."

"Ndi ntchito yake imeneyo. Magetsi amatuluka ndi nthambo imodzi, nkubwerera ndi inzake. Iyo imayerekeza otuluka ndi obwerera. Akafanana, imakhala chete. Akaperewera, ndiye kuti ena apeza njira ina. Mwina adutsa m'madzi, mwina m'chitsulo, mwina m'thupi la munthu. Iyo siidziwa kuti adutsa pati, ndipo siifunsa. Imangotseka."

"Akaperewera ochuluka bwanji?"

"Ochepa zedi. Osakwana nkuwiritsa madzi a m'supuni. Koma okwana kusokoneza mtima wa munthu. Ndipo imatseka musanaphethire."

Ndinadzuka ndi kapu yanga m'manja, ndinapita pabalaza, ndinakaima patsogolo pa kwaduru. Kanthu kapulasitiki kotuwa, kosakwana chikhatho changa, kokhala ndi fumbi pamwamba. Zaka zonsezi ndinkakadutsa popita kukatsegula zenera. Ndinkaganiza kuti kamangokhala. Koma kanali kakuwerenga, usana ndi usiku, tili m'tulo, tili ku misa, tili kumaliro ku Lifidzi nyumba yokhoma, kosalakwitsa, kosatopa. Ndipo kwinakwake kunali munthu, amene sindidzamudziwa, amene anakhala pansi nkuganiza kuti magetsi osowa angawerengedwe, napanga kanthu kotere kuti kateteze nkhalamba ya ku Angoniya imene sanaionepo. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, tiyi mpaka kuzizira.

Nditabwerera m'kozinya ndinapeza akumvetserabe. Ndinazindikira kuti pakamwa panga pakukana kunena kuti iwe.

"Kodi mukukumbukira kuti ndinakubwerezani kalasi?" ndinafunsa.

Anayang'ana m'kapu mwake. Chibwibwi chinabwerera. "Ndi... ndikukumbukira."

"Ndinkayesa kuti simukumva."

"Ndinkamva. Ma... mayankho ndinkawadziwa. Mawu ndi amene ankachedwa. Akamafika, inu mwaloza kale wina."

Sananene mokwiya. Ananena monga ananenera za makoswe aja, kuti anagonamo koma sanadye kanthu. M'kalasi lija munali ana oposa makumi asanu ndi limodzi, ndipo ndikanatha kunena zimenezo, koma sindinanene. Ndinati, "Pepani." Anagwedeza mutu, natembenukira ku makina, chifukwa anali atayamba kutulutsa madzi omaliza.

Anamaliza ulendo wonse. Magetsi sanathime.

Pamenepo ndiye anamasula chitsulo chija nkuchitulutsa. Chinali chopindika, chokutidwa ndi zoyera zolimba zimene madzi athu amasiya m'maketulo. Anapala ndi kampeni pamalo amodzi nandipatsa. Ndinavala magalasi, osaona kanthu. Anagwira chala changa nachiyendetsa pamenepo, ndipo chikhadabo chinakodwa pa kamng'alu kopyapyala ngati tsitsi.

"Chikazizira kamatsekeka," anatero. "Chikatentha kamayasama, madzi nkukhudza moto wa m'kati."

Kamng'alu kameneko, koti maso anga sakanakaona, ndi kamene kankathimitsa nyumba yonse. Ndipo iye anakapeza asanakaone, ndi makutu ndi mafunso a tsache langa.

Ndinayesa kuti watha, koma anati pakatsala chimodzi. Anathimitsa magetsi pa kwaduru namasula tomada ya pakhoma pamene timalowetsa makinawo. Anaunikamo ndi tochi. Kenaka anati ndiitane abambo kudimba.

Abambo atabwera, anawaonetsa nthambo yobiriwira ndi chikasu kuseri kwa tomadayo. Anati imeneyi ndi ya tera, imene imatenga magetsi othawa nkuwapititsa m'nthaka kuti asadutse mwa munthu. Inali itamasuka pa sikuluwu yake, itangogwira ndi tiulusi tiwiri ta mkuwa. Anaikhudza ndi nsonga ya sikuludiraiva, kamodzi ka tiulusito nkuduka ife tikuona.

"Mukanalambalala dijuntori, makina akanayenda," anatero. "Mlungu umodzi, mwina mwezi. Mng'alu uja ukukula. Tsiku limene kaulusi kotsalaka kakanaduka, magetsi akanakhala pa chitseko ichi kudikira." Anaika dzanja pa chitseko cha makina, pamene ndimagwira potsegula. Kenaka anayang'ana pansi. Ndinali wopanda nsapato, monga ndimakhalira m'kozinya mwanga, pa simenti yonyowa ndi madzi amene anatayika pokoka makina.

Abambo anakhala pa thumba la chimanga, navula chipewa, nayamba kuchizunguza m'manja. Patapita nthawi anandiyang'ana nati, "Mayi, pulayala ija ndinali nditaipeza."

Mayiyo anadula nthamboyo pabwino, naisenda, naimanga molimba. Anatuluka panja kukaona chitsulo chokhomedwa m'nthaka kuseri kwa nyumba, nachiyeza, nati chili bwino. Anatiuza kuti kabatani kaja tizikadina kamodzikamodzi, masana, kuti tidziwe ngati dijuntori ikadali moyo, ndipo tsiku limene idzakane kugwa timuitane msanga. Chitsulo chong'alukacho anachikulunga m'nyuzipepala kuti chikhale chitsanzo pofuna china.

China sichinapezeke ku Ulongwe. Mayiyo anatumiza chithunzi kwa mnzake wa ku Tete, ndipo mwana wathu ndi amene anakachitenga nkuchipereka kwa woyendetsa shapa, minibasi yonyamula anthu. Zinatenga milungu itatu. Masiku amenewo ndinkatenthetsa madzi pa mbaula nkutsuka m'beseni, ndipo abambo, amene chikwatirane sanagwirepo mbale yakuda, ankaima pambali panga nkumapukuta. Sitinakambirane za zimenezi.

Tsiku lodzaika chitsulo chatsopano, mlamu wanga anapezeka ali pakhomo. Abambo anali atamuimbira foni, ndipo sindikudziwa zimene anamuuza. Anaima m'kozinya manja m'thumba, kuonerera mayiyo akugwira ntchito, ndipo kwa nthawi yoyamba chimudziwire sanalangize munthu. Makina atayatsidwa tonse anayi tinatchera khutu. Madzi analowa, bomba inayamba, ka tiki kanalira. Tinadikira. Wailesi pabalaza inapitiriza kuimba. Patapita nthawi mayiyo anandiuza kuti ndigwire chitseko, ndipo chinali chofunda.

Akulongedza zipangizo zake, mlamu wanga anakhosomola.

"Amayi," anatero, "ku Domwe mumafikako?"

"Ndi... ndimafika."

"Kuchigayo kwanga kuli kanthambo kena. Anyamata amagwira ntchito pamenepo tsiku lonse, ndipo nthawi ya mvula pansi pamalowa madzi."

"Chigayo chikuyenda lero?"

"Chikuyenda."

"Aimbireni azimitse. Ndibwera Lachinayi."

Mlamu wanga anatsegula pakamwa, ndipo ndinadziwa kuti akufuna kunena za anthu amene ali pamzere ndi matumba awo. Anayang'ana abambo, nayang'ana ine. Kenaka anatulutsa foni natuluka panja. Tinamumva akukuwa kuti azimitse, inde tsopano lino, anthu awauze abwere Lachisanu.

Mayiyo anamangirira chikwama chake kumbuyo kwa njinga yamoto. Ndinamupatsa nyemba m'kathumba ndi mapichesi ouma, anakana kawiri, kachitatu nkulandira ndi manja awiri. Anati akuthamangira ku butchala ina kumsika kumene jelera yasiya kuzizira nyama ili m'kati, ndipo analiza njinga yake nkutsetsereka ndi msewu wafumbi wopita kumsika.